Chifuwa cha Galimoto ya Ababa

Lolemba

Kope latsopano, pensulo yosongola. Ababa akuti nkhani ya galimoto ili m'manja mwanga, poti m'nyumba muno wolemba Chiputukezi ndine ndekha. Ine! Ine amene ndimanjenjemera akandituma mchere kukantina!

Nkhani yake ndi iyi. Galimoto yathu yonyamula usipa, imene Ababa anagula ku Vila Cabral atabwera kumigodi, ikutsokomola. Ili ndi pepala lotchedwa galantiya, loti injini ikavuta eni sitolo akonza ulere kapena atipatsa ina. Pepalalo likutha Loweruka lino masana. Phiri la ku Vila Cabral galimotoyi singakwere ndi chifuwa chotere. Mwayi wake, mekaniku wawo, mzungu, akutsikira ku Metangula Loweruka lomwelo kudzaona magalimoto a boma. Akangomva chifuwacho ndi makutu ake, basi tapulumuka.

Zoti ndichite:
1. Kulemba m'Chiputukezi nthawi iliyonse ikatsokomola. Wotchi ya Ababa ndabwereka.
2. Kulemba kalata ya Chiputukezi yopanda chofufuta.
3. Kulondera injini. Pali kawaya ka chidindo cha mtovu. Pepala likuti wina akadula, kapena akathiramo zachilendo, galantiya yafa.
4. Loweruka kuyankhula ndi mzungu osayang'ana zala zakumapazi.

Chimene sindiika m'kalata: masabata atatu apitawa galimotoyi inanyamula maliro a amalume aYohana, achimwene awo a Amama, kuchokera kuchipatala. Galimoto yonyamula maliro imasambitsidwa ndi mankhwala paliponse, ngakhale painjini, kuti womwalirayo atsike. Che Bwanali, anansi athu odziwa mitengo, anabwera ndi ndowa yawo. Ine ndinatulutsa pepala, ndikuwerenga mokweza, ndikuti nkosaloledwa. Akuluakulu onse anandimvera. Tsiku limenelo ndinanyada.

Chifuwa chinayamba m'mawa mwake. Khoo, khoo, kenako hmmm. Amalume ankatsokomola chonchotu.

Lachiwiri

Tikupita ku Metangula ndi matumba asanu ndi limodzi a usipa. Ndakhala kutsogolo, kope pamwendo. Mpando wapakati, pakati pa ine ndi Ababa, ndi wofunda. Palibe wakhalapo. Dzuwa silinafikeponso.

Zolemba:
Potuluka pa Chiwanga, kamodzi.
Pamlatho wamitengo, kamodzi.
Podutsa pamanda, kanayi!

Pamandapo Ababa avula chipewa. Akuti chikuwatentha m'mutu.

Kumbuyo tanyamula mayi wina wogulitsa chinangwa. Agogoda pagalasi kuti tiime. Atsika, asenza dengu, ayang'ana kutsogolo kwa galimoto, awomba m'manja pang'onopang'ono: "Pepani aYohana, sindimadziwa kuti muli paulendo." Apitiriza wapansi, mtunda wonsewo.

Ababa akuti ndi fumbi m'kapaipi ka petulo. Akunena osandiyang'ana.

Kalata ndayamba. Mzere woyamba wokongola kwabasi.

Lachitatu

Lero sitikupita kulikonse. Galimoto ili pansi pa mtengo wa mango. Nkhuku zimene zimakonda kugona pansi pake masana zasamukira kuseri kwa nkhokwe, zonse, ndi anapiye omwe.

Dzuwa lili paliwombo, kulibe ndi mphepo yomwe, nyanja ili zii ngati mbale ya malata. Ndikutembenuza usipa pathandala. Kumbuyo kwanga: khoo, khoo, hmmm.

Kiyi ili m'thumba mwa Ababa. Ababa ali kugombe.

Ndalemba nthawi yake ngati kale. Pa malo a liwiro ndalemba kuti "itaima". Pa malo a injini ndalemba kuti "yozimitsa". Kodi mzungu zimenezi azimva bwanji?

Amama atuluka ndi ufa m'manja. Sakudabwa. "Achimwene atopa, akufuna kutsika. Koma pali wina pano anaphunzira kuposa tonse." Akundinena ine, ndili pomwepo.

Ndayankha motsitsa kuti ndi masiku atatu okha. Amama akuti ndikawauze amalume eni ake. Sindinapite.

Che Bwanali adutsa madzulo ndi mkeka wawo wa swala, wopemphererapo, pakhwapa. Apereka moni kwa Ababa, kwa Amama, kwa ine, kenako kwa galimoto. Akuti ndowa yawo ilipo, mizu sinaume.

Lachinayi

Mbiri yafika mpaka ku Meluluca. Abwera kudzazonda galimoto:
amayi atatu a kutchalitchi, aimba nyimbo imodzi;
mnzawo wa amalume wa pabawo, wakhala nayo pamthunzi ola lathunthu;
asodzi awiri ofunsa kumene amalume anasunga nyenje yosokera ukonde. Galimoto yatsokomola kawiri. Akangana ngati kawiri ndi "kudenga" kapena "m'bwato". Apita kukayang'ana konseko.

Vuto latsopano!! Amama akuti sangamvere mlongo wawo akuvutika ndi chifuwa iwo ali chikhalire. Injini sakhudza, alonjeza. Koma aika kapu ya madzi otentha a mandimu ndi uchi pampando wapakati, afunditsa kutsogolo konse ndi bulangete la amalume.

Kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka: zii. Ababa ayiliza, ayenda nayo mpaka pamlatho ndi kubwerera. Ikuyenda myaa, ngati yatsopano.

Ine ndi Ababa tayang'anana. Tazindikira limodzi. Chifuwa chikapola Loweruka lisanafike, mzungu adzamva chiyani?

Ababa achotsa bulangete. Amama abwezera. Ababa achotsanso. Amama: "Ali moyo munkawamana mpando wakutsogolo, lero mukuwamana bulangete!"

Kapu ija ndaipeza ili theka. Mwina ndi dzuwa. Ndalemba kuti ndi dzuwa.

Lachisanu

Ababa adzuka ndi nzeru. Fodya wachingambwe ndiye ankawatsokomoletsa amalume mpaka misozi. Agula wa mpukutu kukantina, apichira m'khoko la chimanga, ayatsa, aika m'kambale pampando wapakati, atseka magalasi.

Sindikudziwa ngati ili ndi tchimo. Pepala la galantiya silikunenapo kanthu za fodya, ndawerenga kawiri.

Khoo, khoo, hmmm! Khoo, khoo, hmmm! Yabwerera ndi mphamvu, mpaka mango awiri agwa. Tsamba la kope ladzaza.

Ndikukolopa matayala, ndamva Ababa atatsamira pachitseko, akunong'ona: "Alamu, ndikudziwa sitinkamvana kwenikweni. Koma mawa lokha. Mukangomuona, tsokomolani ndi mtima wonse. Lamulungu tikutsitsani mwaulemu, ndi mbuzi yomwe."

Hmmm, yatero galimoto. Popanda khoo.

Amama sakutiyankhula tonse awiri. Ndiwo atipatsa zopanda mchere.

Kalata yatha, masamba awiri, yopanda chofufuta. Ndayeserera zokanena kwa mzungu pamaso pa mbuzi. Mbuzi ndimatha kuiyang'ana m'maso bwinobwino.

Loweruka

Tanyamuka m'mamawa, Amama nawo akwera, atavala zakutchalitchi. Akuti sasiya mlongo wawo yekha kuboma. Njira yonse chifuwa chokhachokha. Ababa akumwetulira, akusisita chiwongolero: "Eya, alamu! Chomwecho!"

Ku Metangula, pabwalo la boma. Mzungu uja ndi wamfupi, wofiira khosi, nsanza yamafuta paphewa. Wamaliza magalimoto a boma mochedwa. Wotchi ikuti kwatsala ola limodzi. Akubwera kwa ife akupukuta manja.

Wangogwira chitseko, chifuwa chaleka. Pakati penipeni pa khoo.

Ababa aliza injini. Myaa. Aponda mafuta. Myaa. Mzungu watsegula kutsogolo, waona kawaya kali bwino, watchera khutu. Injini ikuimba ngati kwaya. Ababa amukweza, azungulira naye msika katatu, atsikira kudoko, akwera kachitunda ka kuchipatala. Osatsokomola ndi kamodzi komwe!

Ababa akundikodola: yankhula! Nambala 4 ija. Ndatsegula pakamwa. Zala zanga zakumapazi ndaziwerenga zonse khumi. Ndangomupatsa kalata ndi kope.

Wawerenga. Wafika pa "itaima, yozimitsa", wandiyang'ana, waseka mpaka kugwira bondo. Akuti ndimalemba bwino kuposa kalaliki wa kusitolo kwawo. Akuti injiniyi ilibe vuto, koma tisamasutiremo fodya wonunkha chonchi. Watulutsa chidindo m'thumba. Pha! papepala la galantiya. Belu la boma lalira masana.

Amama, ali kumbuyo, manja pamwendo: "Mumayembekeza chiyani? Achimwene pamaso pa mzungu ngakhale kupuma ankasiya. Chaka chija anawaitana kwa shefe wa positu, mkulu wa boma uja, anagwira chifuwa tsiku lathunthu, anakatsokomolera kunyumba."

Bwanji osanena Lolemba, Amama!

Jipi ya mzungu yakhota pangodya ya msika. Fumbi lisanakhazikike: khoo. Kamodzi, pang'ono, ngati munthu wopepesa.

Tabwerera kunyumba. Anayi tonse.

Lamulungu

Galantiya yafa, ndiye palibenso choletsa. Titatuluka m'tchalitchi Che Bwanali abwera ndi ndowa. Mbuzi yanga yoyeserera ija yaphedwa, monga Ababa analonjeza.

Asambitsa matayala, mipando, kumbuyo kumene kunagona bokosi. Andipatsa mpeni kuti kawaya ndidule ndine, poti ndine ndinatseka njira. Ndadula. Awaza injini ndi mchira wa ng'ombe. Amama agwada, akuti: "Pitani bwino achimwene, mwafika." Atsegula zitseko zonse ziwiri.

Taima. Palibe chaoneka. Kungoti nkhuku imodzi yabwera, yalowa pansi pa galimoto, yagona. Zinazo zatsatira. Ndagwira mpando wapakati. Wazizira.

Ababa akuti tiyese. Apotokola kiyi. Tcha. Apotokolanso. Tcha. Apukusa ndi chitsulo chakutsogolo mpaka malaya anyowa. Anyamata a kugombe akankha mpaka pamlatho, akankhanso pobwerera. Ngakhale kutsokomola, ayi.

Che Bwanali anagwirako ntchito m'chipinda cha injini m'sitima ali mnyamata. Avula kofia, amasula apa ndi apo, alowetsa dzanja, atulutsa chitsulo chothyoka pakati. Pothyokapo pachita kale dzimbiri. Achitembenuza, achinunkhiza, atiyang'ana.

"Ichi sichinathyoke lero. Pali masabata. Kodi anthu inu mwakhala mukuyenda ndi chiyani?"

Tonse tayang'ana mpando wapakati. Amama alowa m'nyumba.

Ababa akhala pansi pa mango nthawi yaitali, chitsulo chija m'manja. Kenako aitana Che Bwanali pambali, koma ndamva: "Che Bwanali, nanga mankhwala owaitanira alamu kuti akwerenso, alipo?"

Che Bwanali akuti wotsika watsika.

Matumba asanu ndi atatu a usipa ali pakhonde. Mawa Ababa atenga awiri panjinga. Ine limodzi, pamutu.