Tilekeni ku Mitundu, Bomba ku Nathenje

Inu a Phiri, mwayamba kale kuseka ine ndisanatsegule pakamwa? Sekani, mano ndi anu. Koma amene akuti Yosofati wakalamba, mutu wayamba kutaya, aimirire anene pamaso panga, chifukwa zimene ndikuuzenizi zinachitika dzuwa likuswa mtengo, anthu a ku Mitundu kuno akuona, a ku Nathenje akuonanso. Siyani kaye bawoyo. Inunso anyamata a kabaza senderani kuno, makasitomala sathawa.

Nditasiya ntchito ya ulonda ku esiteti ya fodya ndinabwera ndi ana agalu awiri a mimba imodzi. Wamkazi ndinamutcha Tilekeni, wochepa thupi koma wanzeru, moti ndikaiwala chipewa kumunda sindinkachita kunena, ankangoona dazi langa likuwala n'kuthamanga kukachitenga. Wamwamuna ndi Bomba. Ameneyo anakula mpaka anthu odutsa ankandifunsa kuti ng'ombeyi bwanji simukuiika m'khola, ndipo akauwa kamodzi mango ankayoyoka okha mumtengo, akupsa ndi aawisi omwe. Vuto lake linali m'mimba. Ankadya chakudya chake, n'kudya cha mlongo wake, kenako n'kupita kukamaliza gaga wa nkhumba za akazi anga, mayi a Eneles, nkhumbazo zikungomuyang'ana.

Tsiku lina mayi a Eneles anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Bambo a Eneles, nkhumba zanga zikuoneka nthiti. Agalu awiri pakhomo pano ayi. Mmodzi apite kwa achimwene ku Dedza."

Agaluwo chibadwire anali asanasiyanepo, ndipo ineyo ndinawalera ndi phala la pa supuni mayi wawo atafa. Mwamwayi sabata yomweyo alangizi a ziweto anali atalengeza kuti pa tsiku la katemera wa chiwewe kudzakhalanso chionetsero cha agalu. Ndiye ndinati, "Mayi, tipangane. Onse awiri akapambana, onse akhala. Mmodzi akalephera, ndikamusiya ndekha ku Dedza."

"Mwanena nokha," anatero. "Ndidzabwera kudzaona ndi maso anga."

Ndinakalembetsa. Tilekeni ndinamuika m'gawo la kumvera, Bomba m'gawo la maonekedwe, kumene amaona thupi, mano ndi kayendedwe. Lachisanu ndikupita kukawerenga pepala lomwe anamata pakhoma, ndinapeza zoti anthu a ku Mitundu ndi a ku Nathenje analimbirana chionetserocho, aliyense kuchifuna kwawo, ndiye akuluakulu pofuna mtendere anachigawa pakati: za kumvera ku Mitundu, za maonekedwe ku Nathenje, zonse Loweruka teni koloko, ndipo pansi pake analemba kuti wogwira chingwe akhale mwini galu, osati mlamu, osati mnzake wa kutchalitchi. Mukumva? Teni koloko kuno, teni koloko uko, Yosofati mmodzi!

Ndinapita kwa mayi amene ankalemba mayina.

"Agogo, palibe chomwe ndingachite," anatero. "Sankhani galu mmodzi."

"Mayi, inu atakuuzani kuti musankhe diso limodzi lotsala nalo, mungasankhe liti?"

"Nanga mukapezeka bwanji malo awiri nthawi imodzi?"

"Zimenezo n'za ine."

Ndinayankha molimba mtima, koma kunena zoona m'mutu munalibe kanthu.

Loweruka m'mawa ndinafika pabwalo la mpira pano pa Mitundu ndi agalu onse awiri, ndikadali wopanda nzeru. Bomba ndinamumangirira ku njinga kuseri kwa mitengo ya bulugama, ine n'kulowa m'bwalo ndi Tilekeni. Anthu anali atadzaza, mayi a Eneles ali kutsogolo ndi chigubu chawo cha thobwa, nkhope ili gwaa. Woweruza anali bambo wa magalasi wochokera m'tauni. Anatindandalika agalu ndi eni ake, n'kunena kuti, "Khazikani agalu anu pansi, muwauze adikire, inu mukabisale asakuoneni. Zikatha mphindi zitatu ndiimba wezulo, mubwere muwaitane. Galu wodzuka asanaitanidwe watuluka."

Pamenepo m'mutu mwanga munayaka magetsi.

"Bwana, kobisalako kuli ndi malire?"

"Ayi agogo, bola galu asakuoneni."

Ndinawerama, n'kumuyang'ana Tilekeni m'maso. "Khala. Usasunthe mpaka umve mawu anga." Anzanga anakabisala kuseri kwa minibasi, ena kuseri kwa golosale. Ine ndinakabisala ku Nathenje.

Mukumva? Ndinalumphira panjinga, chingwe cha Bomba ndamanga ku handulo, ndinati "Tiye!" ndipo galuyo anakoka, ine ndikupalasa, iye akukoka, ine ndikupalasa, tinalowa msewu wafumbi wodutsa m'midzi uja liwiro lake moti tcheni chinafiira ngati chitsulo cha m'ng'anjo n'kusungunuka tisanamalize n'komwe minda ya ku Mitundu, koma sindinaime, ndinangokweza miyendo Bomba n'kumakoka yekha, mphepo yathu inadutsa pachigafa china pomwe alimi anali atangopachika fodya wamuwisi m'mawa womwewo, fodya yense n'kuumiratu pompo, moti mwini wake anandifunafuna mwezi wathunthu kuti andithokoze. Amayi ena anali atayanika ufa pamphasa, ufawo unanyamuka n'kukatera m'mudzi wina, kumeneko mpaka lero amati kunagwa ufa kuchokera kumwamba. Chithunzithunzi changa chinayesetsa kutitsatira, ndinachiona ndi maso angawa chikupuma wefuwefu m'mbuyo, kenako chinagonja n'kukhala pansi pa mtengo wa mkuyu, ine n'kupitirira wopanda chithunzithunzi ngati mzukwa.

Titafika pamtsinje tinapeza ngolo yodzaza njerwa yatitimira pakati pa mlatho, ng'ombe zagona, njira yatsekeka. Mabuleki ndinalibe, anali atapserera kalekale. Ndinangofuula kuti, "Bomba, m'mwamba!" Galu analumpha, njinga inalumpha, ine ndinalumpha, tinadutsa pamwamba pa ngolo, pamwamba pa ng'ombe, pamwamba pa mwini ngolo amene anali chiimire pa njerwazo, ndipo tili m'malere ndinaona Nathenje yense ali poteropo, maminibasi ali ndandanda pa M1, ndinaonanso woweruza wa kumeneko akutsegula buku lake la mayina. Potera matayala onse awiri anaphulika nthawi imodzi, phokoso lake anthu a pamsika anagona pansi poganiza kuti kwayambika nkhondo.

Tinalowa m'bwalo la ku Nathenje dzina langa likutchulidwa kachiwiri. Koma taonani tsoka: Bomba, galu wakuda bii wonyezimira, anali atafiira ndi fumbi kuyambira mphuno mpaka mchira. Woweruza wa kumeneko, mayi wonenepa wa chipewa cha mlaza, anayang'ana m'buku n'kuyang'ana galu.

"Pano palembedwa galu wakuda. Uyu ndi wofiira. Mwasintha galu, bambo."

Ndinati dikirani. Pafupi panali mjigo. Ndinamuika Bomba pansi pa mpopi, n'kugwira chitsulo chija ndi manja awiri, ndinapopa katatu kokha, madzi anatuluka ngati mtsinje wosefukira, zitsime za midzi itatu yozungulira zinaphwa mpaka Lolemba, Bomba anadzikutumula kamodzi, anthu onse a mzere wakutsogolo ananyowa ngati agwa m'dambo, ndipo galu anaima pakati pa bwalo ali bii, akuwala moti mayi uja anadziona nkhope pamsana pake n'kukonza chipewa.

Anati ayende. Abale anga, Bomba anayenda! Mutu m'mwamba, chifuwa patsogolo, mwendo uliwonse akuuika pansi ngati akuopa kudetsa dziko. Anati tione mano. Bomba anayasamula, mayi uja anasuzumira, anati "Ooo!" ndipo mawu akewo anabwerera kuchokera m'mimba mwa galu kuti "Ooo!" Sanafunsenso china. Anamanga kansalu kofiira ka wopambana m'khosi mwa Bomba, anthu akuwomba m'manja, ena akufuna kujambula ndi mafoni, ine ndinati pepani, ndasiya galu wina pamoto.

Pobwerera ndiye panali ntchito. Bomba anali atatheratu, lilime lili panja kufika pansi. Ndinati mwana wanga, wandinyamula popita, pobwerera ndi nthawi yanga. Ndinamukweza pakaliyala, njinga yopanda tcheni, yopanda matayala, yopanda mabuleki, ndinamanga lamba wa buluku langa m'malo mwa tcheni, buluku ndagwira ndi dzanja limodzi, handulo ndi linalo, n'kupalasa pa malimu okhaokha, moto ukuthetheka pamiyala, ndinapeza ngolo ija ikadali pamlatho, nthawi yolumpha panalibe, ndinangoikankha ndi phewa inatuluka m'dzenje ng'ombe zili m'mwamba, pamkuyu paja ndinapeza chithunzithunzi changa chitagona tulo, ndinachikoka khutu n'kuchikweza pa felemu, ndipo fumbi lomwe tinautsa popita linali lisanatsike, ndiye ndinalimeza lonse pobwerera, lonse, kuyambira ku Nathenje mpaka ku Mitundu.

Ndikutsika panjinga kuseri kwa bulugama, wezulo inalira. Ndinalowa m'bwalo ndikumanga buluku. Agalu ena onse anali atabalalika kalekale, chifukwa munthu wina wogulitsa kanyenya anadutsa ndi beseni la nyama ya mbuzi. Tilekeni yekha anali pomwe ndinamusiya, ali phee, moti nkhuku ina inamuyesa chitsa n'kuikira dzira pakati pa miyendo yake.

"Itanani galu wanu, agogo," anatero bambo wa magalasi uja.

Ndinatsegula pakamwa. Munatuluka fumbi. Ndinayesanso, fumbi. Ndinayesa likhweru, milomo inali itauma ngati chikopa cha ng'oma. Ndinamenya ntchafu, ndinakodola ndi dzanja, koma Tilekeni anangondiyang'ana, mchira ukunjenjemera, maso akundipempha, osasuntha, chifukwa ndinamuuza kuti adikire mawu anga, ndipo mawuwo ndinalibe. Apa sindikuseka, a Phiri. Ndinaona Dedza patsogolo panga. Ndinadziona ndikumusiya galu ameneyu pakhomo pa eni, iye akundiyang'ana chonchi, ine ndikutembenuka. Misozi inatsika, n'kupanga matope pamasaya.

"Ndiwerenga mpaka teni," anatero woweruza. "Akapanda kubwera, palibe wopambana."

Atafika pa sikisi ndinamva anthu akukankhidwa. Mayi a Eneles, omwe aja ankafuna galu achoke, anadumpha chingwe cha bwalo chitenje chili m'manja, n'kundiika chigubu cha thobwa pakamwa.

"Imwani, bambo a Eneles, musatichititse manyazi pagulu! Galu wadikira mokwanira."

Ndinamwa chigubu chonse osapuma. Woweruza akuti naini, ine ndinati, "Tilekeni, bwera!" Mawu amenewo anatuluka ndi mphamvu moti malata a pamsika analira, agalu onse a ku Mitundu anabwera, a m'midzi anabwera, ena anachokera ku Likuni n'kufika madzulo akufunsa amene wawaitana, koma woyamba kufika anali Tilekeni, anadumpha dzira lija osaliswa n'kudzandigwera pachifuwa, tonse awiri pansi.

Kunyumba tinabwerera wapansi, njinga ili paphewa, nsalu zofiira ziwiri zili m'makosi mwa agalu. Titafika mayi a Eneles anatenga gaga, n'kuthira m'mbale ziwiri, ina ya nkhumba, ina ya Bomba, n'kunena kuti, "Koma adye yakeyo basi." Agaluwo anakalambira pakhomo panga onse awiri.

Mukuti chiyani, a Phiri? Kuti ku Nathenje agalu analipo angati? Chabwino, analipo awiri. Winayo anangobwera kudzalandira katemera, ataona jakisoni anathawa. Koma Bomba ndiye anamuthawitsa? Ndipo ndikudziwa zimene amanena anthu a nsanje, zoti wotchi ya bambo wa magalasi uja inali yakufa, iye n'kukhala pansi kudya chinangwa, wezulo n'kudzaimba cha m'ma thu koloko ataona ine ndikubwera ndikukankha njinga. Mwina. Ine wotchi ndinalibe. Koma ngati zili choncho, ndiye kuti Tilekeni anakhala padzuwa maola anayi osasuntha, nyama ya mbuzi ikumudutsa pamphuno. Ndiye sankhani nokha: wodabwitsa ndine kapena ndi galu wanga. Konse komwe mungaloze, ndi pakhomo pa Yosofati.