Dzina la Nankhoma pa Chiliza

Lolemba
Alamu anga a Tenesi andinyoza! Akuti munthu wosaponda m'kalasi sangalembe dzina pa chiliza cha malemu mkazi wanga Esitere Nankhoma, tiitane aphunzitsi. Zilembo ine ndinaziphunzira ndekha pa mabelo a fodya. Lamulungu tikuvundukula chiliza. Ndilemba ine basi.

Lachiwiri
Zofunika: chitini cha palafini, tchizulo, penti yakuda. Ndikuboola zilembo pa lata monga tinkachitira ku esiteti. Nkhungu yakuta phiri la Ntchisi. S akukhota ngati kanjira ka Nankhoma kaja ka kuchitsime. Ndamuyang'ana S ameneyu mpaka mbuzi zalowa m'dimba.

Lachitatu
Tsoka! Ndikamaliza kudula O, mimba yake ikugwa pansi. A chimodzimodzi, R chimodzimodzi. Ndayesa penti pa chitseko, patuluka ngati mapazi a ng'ombe m'matope.

Lachinayi
Ndasiya timilatho tating'ono togwira mimbazo. Zatheka! Achinyamata a chipani abwera kudzaona makhadi, apeza malata ali mbwee pakhonde. "Madala, kalata yachinsinsi imeneyi ikupita kuti?" Ndati kumanda. Achoka osatsanzika.

Lachisanu
A Filipo, amisiri amene anamanga chiliza, akuti, "Chepetsani zilembozo, mwalawu ndi waung'ono." Ndichepetse Nankhoma? Mayi wosenza mitolo iwiri ya nkhuni? Ndayeza ndi chingwe, chilembo chilichonse malo ofanana ngati mizere ya chimanga. M wafinyika ngati m'basi ya ku Dowa. I waima yekhayekha pakati, malo mbali zonse, ngati ine pamphasa.

Loweruka
Ndikupenta. Chingwe ndachisiya m'thumba, diso langa likwana. ESITERE walowa bwinobwino. Kamphepo kakununkhira mvula, ndikumva ngati iye akusinja kuseri kwa mitengo ya masuku, akuimba chapansipansi. Dzanja likungopita lokha. Podzidzimuka ndili pa NANKHO, mwala watha! Zilembo ziwiri zotsalazo ndazikhotetsera kumbali.

Lamulungu
Tavundukula. Anthu akuwerenga kutsogolo, kenako akuzungulira chiliza kukamaliza dzina. Ngakhale abusa azungulira, buku lili m'manja. Palibe waseka poyera. Chabwino, zakhala momwemo. Koma mkazi wanga sagona ndi dzina lopindika mpaka kalekale. Zilembo zanga zilibe mlandu, wafupika ndi mwala. A Filipo, mawa m'mamawa bwerani ndi simenti, muwonjezere mkono umodzi!