Bwato la Bakha pa Damu la ku Dowa

Anzanga, kukalamba si imvi zokha ayi. Mukuikumbuka paki ija inali m'mbali mwa damu, kunsi kwa phiri mukangotuluka pa boma la Dowa? Masiku amenewo Loweruka kunkachita kusowa popondera, anthu kubwera pa malole kuchokera ku Ntchisi ndi ku Bowe, nyimbo zili pakamwa, akatungwe, tchipisi, ndiye panali timabwato topalasa ndi miyendo tooneka ngati abakha.

Tsono titagulitsa fodya chaka chino, ndinati ndiwasangalatseko akazi anga, mayi a Chisomo. Ndinavala suti yanga ya ku tchalitchi, n'kuwakweza pa njinga yamoto osawauza kumene tikupita.

Kufika kuja, kalanga ine! Geti anazula kalekale, akatungwe atsala mizati yokha, ina amangirirapo mbuzi. Damu laphwa mpaka pakati, m'mphepete monse anthu alimamo repu ndi tomato. Munthu wanzeru akanabwerera pomwepo, koma ine? Ndinaona bakha mmodzi ali pamtunda, utoto utasupuka, mtima n'kubwerera ku unyamata.

"Bwerani, mayi a Chisomo, tikhale mmene tinakhalira tsiku lija!"

Ndinalumphiramo osayang'ana. Ndinangomva phwa! kunsi kwanga, kenako nkhuku kutulukira pakati pa miyendo, kundiomba mapiko kumaso. Inali ikufungatira, abale, ndipo mazira ena anali osukusa. Fungo lakelo! Podzambatuka, thabwa lowola linathyoka, mwendo n'kulowa, buluku n'kung'ambika pamsoko wakumbuyo. Amayi amene ankathirira m'madimba anasiya ntchito n'kubwera kudzaonerera.

Kodi ndinakhala chete? Ayi ndithu. Pofuna kuphimba manyazi ndinayamba kulalikira gulu lonselo, dzanja lina litagwira kumbuyo.

"Musaseke, amayi, bwatoli lili ndi mbiri. Ndi muno mmene ndinawafunsira banja awa, atavala diresi lofiira, akundikakamira poopa madzi."

Mayi a Chisomo anamanga bwinobwino chitenje chawo.

"Bambo a Chisomo, ine kuno n'koyamba kupondako lero. Munandifunsira pa chigayo ku Nachisaka. Wa diresi lofiirayo ndani?"

Amayi aja anaseka mpaka ena kukhala pansi m'matope. Pobwerera akazi anga anakwera kabaza, ine ndekha pambuyo, ntchentche zikundiperekeza mpaka pakhomo. Sabata yonse ankangondiitana kuti "a diresi lofiira, madzi osamba apsa."

Ndalumbira, anzanga. Ndikadzafunanso kukumbutsa mayi a Chisomo zakale, ndiziyamba ndafunsa mwaulemu: "Pepani mayi, kodi tsiku lija munali inu?"