Mpando wa Kumbuyo wa Atate

Lolemba

Yafika! Kuchokera ku Japani, kudzera ku Durban, mpaka pakhomo panga ku Kanyama. Zonse zimene anandipatsa pondichotsa ntchito, kampani ya boma itagulitsidwa, ndi izi zaima pa matayala anayi.

Pa chithunzi cha wogulitsa inali ndendende galimoto ya ku Mangalande imene atate anayendetsa zaka makumi awiri: nyali zobulungira, mphuno yasiliva, mbuyo yotsetsereka. Koma pa chithunzipo panalibe munthu woima pambali. Mayo ine! Denga likundilekeza pachifuwa. Lero ndi pamene wogulitsa akuulula kuti ndi kagalimoto wamba ka m'matauni a ku Japani, kungoti kuli kakampani kena kamene kamachotsa galimoto zotere nkhope n'kuziveka yamakedzana. Bwanji osanena kale, mbava iwe?

Komabe cholinga sichisintha. Lamulungu atate apita ku tchalitchi ku Matero atakhala mpando wa kumbuyo. Chibwerere kuchoka ku Nyasalande akhala akutsegulira anthu chitseko, poyamba mzungu, kenako nduna, koma kumbuyoko sanakhaleko n'tsiku limodzi lomwe. Maso awo anatha ndi ng'ala. Akhudze nkhope yokha, asayese utali.

Lachiwiri

Ndawagwira dzanja atate mpaka kutsogolo kwa galimoto. Akusisita nyali, akutsata mphuno ndi chala. Kenako: "Yanga inali yakuda." Ndikuti iyinso ndi yakuda. Ndi yobiriwira, Mulungu andikhululukire.

Akufuna kuizungulira. Ndikuti kumbuyo kuli matope.

Ndikukumbuka ndili mwana, Loweruka lina atate atabwera ndi galimoto ya kuntchito ija ku Matero mobisa. Ana tonse pamzere, manja kumbuyo, kudziyang'ana pa chitseko ngati pagalasi. Fungo la chikopa ndi polishi. Masiku amenewo msewu unali ndi phula, basi ya boma inali ndi nthawi yake, ndipo atate anali munthu wamtali kuposa onse padziko.

Baneba Mulenga, a nyumba yoyandikana nafe, atatsamira mpanda: "Iyi motoka ni yabwino. Manje ikakula izankhala bwanji?"

Lachitatu

Ofuna kukwera Lamulungu:
amake Chisomo, mkazi wanga, ndi chipewa chawo;
azakhali a ku Chawama, amene okha ndi anthu awiri;
a kwaya atatu;
baneba Mulenga, amene sapemphera n'komwe.

Ndawauza onse kuti kumbuyo n'kwa atate okha. Amake Chisomo sakundilankhula.

Wailesi ikungolira phokoso. Ndikabwerera m'mbuyo, mayi wina wosaoneka akulankhula Chijapani m'kati mwa galimoto. Atate ali pakhonde: "Ndani ameneyo?" Ndikuti ndi mlendo akufunsa njira. "Ndipo injiniyo bwanji ikulira ngati makina osokera?" Ndikuti ikali kuzolowera mafuta a ku Zambia.

Lachinayi

Ndati ndiyeserere njira ya ku Matero. Mvula ya dzulo yabisa maenje onse. Pafupi ndi msika, phwaa! Nyali ya kumanzere zidutswa zokhazokha.

Tsiku lonse m'tauni kufunafuna. Kwa amwenye, kulibe. Kwa anyamata a masipeya, kulibe. Kale ukasowa chinthu unkadziwa kuti dziko lonse lasowa, n'kukaima pamzere mwamtendere. Lero zinthu zili mbwee m'misewu, maapulo a ku Joni mpaka nsapato za salaula, zakaunjika zija, koma chimene ukufuna iweyo palibe.

Wamasipeya wina akuiyang'ana kutsogolo, akuiyang'ana kumbuyo: "Ba boss, iyi motoka ilibe wachibale mu Lusaka. Injini tiziba, koma nkhope ni ya eka."

Ndamata mbale ya enamelo pa bowolo. Ndi yobulungira, ndi yosalala. Kwa chala cha munthu wosaona ingapite.

Lachisanu

Atate akufuna ndowa, sopo ndi kansalu kachikopa. "Galimoto sipita ku tchalitchi isanasambe, ndipo iwe sudziwa kusambitsa." Ndabisa ndowa kuseri kwa mbaula. Ndabisa sopo. Bambo wa ana anayi kubisira atate ake ndowa!

Atulutsa sutikesi pansi pa bedi: jekete ya mabatani asiliva, kapusi, magolovesi oyera amene tsopano ndi achikasu. Ndikuti, atate, zimenezi n'zosafunika, inu ndinu bwana Lamulungu. Akungopukuta mabatani.

Ndinafuna kuwapatsa chinthu chimodzi chenicheni asanatisiye, ndipo ndagula chigoba.

Mvula yayambanso.

Loweruka

Ndadzuka mochedwa. Panja ndikumva madzi, khwaa, khwaa. Ndowa aipeza! Amake Chisomo ndiwo awapatsa, mwadala.

Ndikusuzumira pazenera. Ayamba padenga, monga ankachitira kale, kutsika ndi magalasi, zitseko, matayala pomaliza. Afika kumbuyo msanga kwambiri. Dzanja likupitirira m'malere, kufunafuna galimoto imene kulibe. Aima. Abwerera kutsogolo, akuyesa ndi chikhato, chimodzi chimodzi mpaka kumbuyo. Agogoda mbale ya enamelo ndi chikhadabo, ngwee. Aipukuta nayonso, mosamala ngati nyali inzake.

Atamaliza abweza ndowa, alowa m'nyumba. Bola akanandikalipira.

Madzulo Kanyama yense ndi dziwe. Madzi afika m'mawondo panjira yathu. Baneba Mulenga akuwolotsa anthu pa wilibala.

Lamulungu

Sitipita. Minibasi yomwe yakanika pakona, nanji aka.

Atate atuluka atavala zonse, mpaka magolovesi. Ndawatsegulira chitseko cha kumbuyo, ndawerama pang'ono monga ndinkawaonera. Alowa chopinda, mawondo agunda mpando wa kutsogolo, kapusi yagunda denga. Ine pa chiwongolero, injini ikusoka, galimoto ili pomwepo pabwalo.

Ndikuti, atate, ndinakunamizani.

"Ndinadziwa Lachiwiri. Dzulo ndangoyesa: yafupika ndi zikhato zisanu ndi chimodzi. Inenso ndinafupika, mwana wanga."

Akhala mphindi zisanu, manja pamawondo. Kenako akupuma mozama: "Ndiye ndi kuno? Zaka zonse zija ndinkati kuli chiyani. Kulibe ntchito kuno. Tuluka."

Tasinthana. Agwira chiwongolero ndi magolovesi awo, msana chilili, ndipo ayamba kutchula njira pamtima: apa tikudutsa njanji, apa wapolisi wa magolovesi oyera akutiimika, apa mitengo ya jakaranda, apa tikhota kupita ku Kabulonga. Akuchepetsa liwiro pa mphambano zimene zinasintha kalekale. Mabelu a tchalitchi akumveka kutali. Amake Chisomo aima pakhomo ndi chipewa m'manja, sakuseka.

Ndayesa kunena kuti mafuta atha, tizimitse.

"Bwana salankhula ndi dalaivala ali pamsewu."

Ndatsamira mpando, ulendo ukupitirira. Atandifikitsa, atuluka, apapasa mpaka kupeza chogwirira, anditsegulira chitseko. Ndatsika m'matope momwe ndinakwerera.

Mawa ndibweze mbale kukhitchini. Kapena ayi, aipaka kale polishi.