Anthu a Kunyenyezi ku Lirangwe

Mpaka lero ndikamva munthu akuuza mnzake kuti "werengani buku ili, ndi labwino", ndimamumvera chisoni. Ine mawu omwewo anatsala pang'ono kundiphonyetsa mkazi.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndikugwira ntchito yonyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka. Azungu ankaiwala timabuku m'mipando, ndipo ine, ndi Chingerezi changa cha kumishoni, ndinkatitola. Alembi otchuka amene tinkawaloweza kusukulu ndinalibe nawo ntchito. Anga anali aja osadziwika, olemba za zombo zachitsulo zopita kumwezi ndi mizinda ya pansi pa nyanja. Ndinkadzifunsa kuti kodi munthu amadya chiyani kuti aganize zotere? Aliyense ndinkamukakamiza kumva za iwo (ngakhale mlonda wathu, yemwe ankandithawa ngati ndili ndi mphere).

Tsono ndinali nditafunsira mbeta ku Lirangwe, Esitere, mwana wa a Bizaliele, mkulu wa mpingo. Ankhoswe anali asanakumane. Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, bamboyo anandiitanira pakhonde.

"Tamva kuti mumakonda kuwerenga. Mumawerenga chiyani, achimwene?"

Munthu wanzeru akanati Baibulo. Ine ndinasolola kabuku m'thumba la jekete.

"Mlembi uyu, bambo, ngakhale azungu anzake samudziwa, koma amaposa onse."

Ndinayamba kufotokoza: zombo zikutsika kumwamba, mukutuluka alendo a mitu ikuluikulu, akuyeza minda ya anthu, akukhoma zikhomo, kenako akutenga amuna kukawagwiritsa ntchito kunyenyezi. A Bizaliele anasiya kusenda mzimbe.

"Zimenezi zalembedwa?"

"Zalembedwa, onani tsamba ili."

"Ndiye mwalipeza kuti?"

"Mundege yochokera ku Halale."

Anagwedeza mutu, nandipempha kuti ndiwasiyire. Ndinabwerera ku Chileka ndikuimba mluzu, ndikuti apongozi ndawagwira mtima.

Chimene sindinaganize n'chakuti kwathu nkhani yopeka ili ndi khomo lake. Imanenedwa madzulo, ndipo umayamba ndi "padangokhala", omvera nkuti "tili tonse", aliyense n'kudziwa kuti apa tikusewera. Ine ndinanena yangayi masana dzuwa likuswa mtengo, kuchokera m'zilembo zosindikiza, kwa munthu amene mabuku ake onse anali Baibulo ndi nyimbo. Komanso masiku amenewo aliyense ankagona ndi mantha a minda yake.

Pofika pakati pa sabata, Lirangwe yense anali atamva kuti mkamwini wa kundege waba buku la mapulani a Chitaganya. Amayi ena anabisa ana awo aamuna m'nkhokwe. Mlangizi wa malimidwe atabwera ndi zikhomo zake zoyezera migula, anthu anangoyang'ana kukula kwa mutu wake (mwatsoka unalidi waukulu) n'kumuthamangitsa mpaka kumsewu. Kenako a Bizaliele anavala jekete, natsogolera akulu anzawo kwa abusa, buku atalikulunga m'nsalu. Abusa anawerenga pang'ono n'kuseka mpaka misozi.

Uthenga unandipeza kuntchito kudzera mwa nkhoswe wanga: ukwati wayamba waima. Ndinachita manyazi, ndipo mtima unandipweteka kwambiri, pakuti Esitere ndinkamukonda.

Ndinapita kukagwada. A Bizaliele anandisiya pansi mpaka mawondo anachita dzanzi.

"Mwandivula pamaso pa abusa. Munthu wamkulu amanena nthano masana?"

"Ndinalakwa, bambo."

Anayang'ana chikuto cha bukulo. Kenako anatsitsa mawu kuti akazi awo asamve.

"Nanga anthu aja, minda yawo anailanditsa?"

Ndinati sindinafike kumapeto (zinali zoona, ndinali wofulumira kutama kuposa kuwerenga). Iwo anati za ankhoswe tikambirana ndikawamalizira. Ndiye Lamulungu lililonse madzulo ndinkawamasulira mutu umodzi, iwo n'kumafunsa ngati kunyenyeziko kumagwa mvula, ndi kuti alendowo ali ndi ambuye awo kapena ayi.

Titafika tsamba lomaliza, maso anga anathamangira kutsogolo. Anthu aja anagonja. Minda yonse inapita. Ndinayang'ana bamboyo atatchera khutu, kumbuyo kwawo chimanga chawo chikuoneka, Esitere akusuzumira pazenera. Ndinakhosomola, ndipo chala chili pamzere ndinawerenga mokweza kuti alendowo anazula zikhomo zawo n'kubwerera kwawo.

"Ndinadziwa," anatero a Bizaliele. "Auzeni ankhoswe abwere."

Mpaka imfa yawo ankauza aliyense wodziwa Chingerezi kuti afunefune mlembi ameneyo, mzungu mmodzi yekha amene anaoneratu mmene zinthu zidzathere. Ine bukulo ndinaliponya m'chimbudzi tsiku la ukwati, kuopa kuti wina angawamvere.