Kachipangizo kokana anthu m'malo mwanga

Lolemba
Batire la sola likufa. Olipha ndi anthu a pakhonde panga: a Mulipa ndi mafoni awo awiri, mayi Nampinga ndi tochi yawo, ndi aliyense wodutsa popita kunkhuni kuphiri la Michesi. Amatchaja mpaka batire kuuma gwa, uku akucheza. Ine kukana munthu pamaso sinditha. Ndiye ndagula ku Boma wondikanira: kachipangizo kotchedwa kompareta, kakang'ono ngati nkhupakupa, miyendo mbali zonse ziwiri. Ntchito yake ndi imodzi, kuyerekeza moto wa m'batire ndi mulingo umene ndaika. Moto ukatsika, kamadula. Ikonso sikadya moto wambiri. Mlonda wosavuta kudyetsa.

Lachiwiri
Kuwotcherera mawaya tsiku lonse. Zapsa: chala, ngodya ya tebulo, ndiwo. Koma kakugwira ntchito!

Lachitatu
Kadula masana, a Mulipa ali pakati pa nkhani ya mbuzi yawo yosowa.
"Achimwene, moto wathawa."
Ine ndangoti si ine, ndi kachipangizo. Kukoma kwake mawu amenewa! Azula mafoni awo, ulendo. Nkhani ya mbuzi yathera m'malere.

Lachinayi
Kuli mitambo, kadula m'mawa momwe. Mayi Nampinga akukulunga chingwe cha tochi: "Akanakhalapo malemu mayi a pakhomo pano, sibwenzi tikubwezedwa ndi kachitsulo."
Ndawafotokozera kuti kachipangizo sikadziwa chibale.
"Taona," atero.

Lachisanu
Palibe wabwera. Onse ali kwa a Nakhumwa, amene sola yawo ndi yong'aluka, mawaya omanga ndi pepala la shuga. Kuseka kwawo kukumveka mpaka kuno. Batire langa ladzaza bwino lomwe. Ndasesa pakhonde, ndasesanso. Ndilembe zoona, ndikusungulumwa. Chimwalirireni mkazi wanga ndimayesa anthu amabwerera ine, kapena ine ndi moto womwe. Sindinayesepo kuzilekanitsa.

Loweruka
Ndatsitsa mulingo mpaka pansi. Kenako ndangokazula kachipangizoko, kali m'chitini cha misomali. Ndaima panjira ngati ndikuona chimanga, mpaka a Mulipa atulukira. Ndawauza kuti moto ulipo, wa aliyense, mpaka batire liume.
"Zikomo achimwene, tatchaja kale."
Mbuzi ija sindikudziwabe ngati inapezeka.

Lamulungu
Ndabwerako kutchalitchi, foni yanga yodzaza. Ndayatsa tochi yake dzuwa likuswa mtengo, ndatsegulanso wailesi yake, ndaisiya pampando. Ikuchedwa kutha, batire lake ndimalisamala kwambiri. Ikangozima ndipita nayo kwa a Nakhumwa, ndikanena kuti sola yanga yavuta. Kampando ndinyamula kanga.