Pikarone wa asewere

Lolemba
Asewere, mayi ake a Rosa mkazi wa mwana wanga Dalitso, akufika Loweruka kuchokera ku Peru. Paukwati sanabwere, ndipo ndikudziwa akuganiza kuti mwana wawo anakwatiwa kutchire. Ndikufuna aone kuti kuno ku Donholm, dera lomwe tikukhala kutali ndi kwathu ku Malawi, Rosa alinso ndi mayi. Ndiwaphikira pikarone, mandasi akwawo obowola pakati. Rosa akuti mandasiwa anabwera ndi Asipanya, akwawo n'kuthiramo mbatata ndi dzungu, azimayi a ku Africa otengedwa ukapolo n'kumagulitsa m'misewu ya Lima. Ndiye ndi mandasi athu omwe, anangopita kunja. Ine ndingalephere mandasi?

Lachiwiri
Zogula: dzungu, mbatata, yisiti, ufa, shuga wakuda wa nzimbe amene kuno amati sukari nguru, wa manyuchi othira pamwamba. Wogulitsa akundiyang'ana: "Mama, kilo ngapi?" Kuno shuga ameneyu ngwa ophika kachasu. Kumbuyo kwanga kwaima mayi wa ku mvano. Manyazi.

Lachitatu
Ndatsatira pepala la Rosa. Zatuluka phala lenileni. Mwanayu analemba molakwa, palibe munthu amakazinga phala. Ndaonjezera ufa mpaka zagwira bwino.

Lachinayi
Miyala. Bambo akunyumba aluma kamodzi: "Tisungeko, geti ilibe chotsekera." Sindikuwayankhula.

Lachisanu
Rosa pafoni: "Amayi, musaonjezere ufa. Zizikhala zamadzimadzi, munyowetse dzanja, mubowole ndi chala, muponye." Ndaponya. Bowo latsekeka, mafuta andilumphira pamkono. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu dzanja langa lapita lokha m'thumba la ufa. Ndatopa, ndipo ndakwiya ndi dziko lonse la Peru.

Loweruka
Ku bwalo la ndege ku Embakasi ndege yachedwa, pamsewu wa Outer Ring galimoto sizikuyenda. Asewere ndi aafupi, achete, Chingerezi alibe. Ndaika mbale ya pikarone wanga patebulo. Adya mmodzi. Adya wina. Anayi! Andigwira dzanja, misozi ili lengelenge, ayankhula zambirimbiri. Dalitso wayang'ana kudenga, Rosa akuti amasulira mawa.

Lamulungu
Rosa wamasulira tikuchokera kutchalitchi. Asewere akuti mtima wawo wakhala pansi, mwana wawo akudya bwino. Akuti chakudya cha ku Malawi chimenechi sanachionepo chibadwire, ndiwalembere kaphikidwe kake akaonetse anzawo. Akutinso ndi zachisoni kuti sindinalawepo pikarone, andiphikira Lachitatu.

Ndavomera. Ndawauza kuti ndi za makolo athu, timadya pa chinkhoswe.